Mbiri ya Mpingo wa Adatchi wa ku Austin Friars mu London

Pakati pa mzinda wa London, pafupi ndi nyumba zazikulu za mabanki, pali kamsewu kopapatiza kotchedwa Austin Friars. M'kamsewumo muli tchalitchi chosakula kwambiri, m'mene Lamulungu lililonse mbusa amalalikira m'Chidatchi, ndicho chinenero cha anthu a ku Netherlands ndi a kumpoto kwa Belgium. Mpingo wosonkhana m'menemo unakhazikitsidwa m'chaka cha 1550, ndipo mwa mipingo yonse ya Chiprotestanti yopemphera m'Chidatchi palibe wina wakale kuposa umenewu, ngakhale ku Netherlands komweko. Chinthu chimenechi nchodabwitsa, pakuti kawirikawiri mpingo umayamba kumudzi, pambuyo pake nutsata ana ake kumene apita. Koma uwu unabadwira kuchilendo, ndipo otsala kumudzi ndiwo anadzatengera mwambo kwa iwo.

Adani a mpingowu anali amitundu iwiri. Ena anali oonekera, ndiwo mafumu, mabishopu, moto ndi mabomba. Amenewa anauvutitsa kwambiri, koma sanathe kuuzima. Mdani winayo anali wosaoneka, ndiye kuiwalika kwa chinenero cha makolo pakamwa pa ana obadwira kuchilendo. Ameneyu ndiye anatha mipingo ina yonse ya Adatchi imene inalipo m'midzi ya ku England.

Chimene chinawachotsa kwawo

M'masiku amenewo maiko amene lero atchedwa Netherlands ndi Belgium anali pansi pa mfumu imodzi, Charles V, amene analamuliranso Spain ndi ufumu waukulu wa Ajeremani. Anali maiko achuma, okhala ndi midzi ikuluikulu monga Antwerp, Ghent ndi Bruges, yodzala ndi oomba nsalu, amalonda ndi osindikiza mabuku. Popeza anthu ambiri kumeneko anali odziwa kuwerenga, chiphunzitso cha Martin Luther chinafala msanga. Mfumu Charles, pokhala womvera Mpingo wa Roma, anatsimikiza mtima kuchithetsa. Mu 1523 amonke awiri a ku Antwerp, Hendrik Vos ndi Jan van Essen, anatenthedwa amoyo ku Brussels, ndipo iwo ndiwo anali oyamba kufera chiphunzitsocho.

Mlandu waukulu unali pa mabuku. Mu 1526 Jacob van Liesvelt, wosindikiza wa ku Antwerp, anatulutsa Baibulo lathunthu loyamba la m'Chidatchi. Analisindikiza kangapo, koma mu 1545 anamdula mutu chifukwa cha mabuku amene anasindikiza. Ndipo mu 1550 mfumu inalengeza lamulo loopsa koposa onse akale, lakuti munthu wosunga mabuku oletsedwa, kapena wosonkhanitsa anzake m'nyumba kuti akambirane za Malembo, aphedwe.

Tsono anthu anayamba kuolokera ku England, pakuti nyanja yolekanitsa maiko awiriwa njaing'ono, ndiponso Adatchi ambiri anali atakhala kale mu London pa ntchito zawo, monga kusoka nsapato, kufulula mowa ndi kupanga migolo. Atamwalira Henry VIII mu 1547, ufumu unagwera mwana wake Edward VI, mnyamata wa zaka 9, amene aphungu ake anali Aprotestanti. Alendowo anapeza mtendere, koma anasowa chinthu chimodzi: mapemphero a m'matchalitchi a Angerezi sanali kuwamva. Munthu wothawa kwawo chifukwa chofuna kumva Mawu a Mulungu m'chinenero chake sakanakhutira kungokhala duu pa mpando, namvetsera mawu achilendo monga momwe ankachitira kale ndi Chilatini.

Kalata ya Mfumu Edward

Munthu amene anawapezera malo sanali Mdatchi. Anali Jan Łaski, wa banja la nduna za ku Poland, wodziwika ndi dzina la Chilatini lakuti Johannes a Lasco. Paunyamata wake anakhalako m'nyumba ya Erasmus ku Basel, nagula mabuku onse a mphunzitsi wotchukayo. Pambuyo pake anasiya unsembe wa Chiroma, nakhala woyang'anira mipingo ya m'dziko la East Friesland, imene likulu lake linali mudzi wa Emden. Thomas Cranmer, bishopu wamkulu wa ku Canterbury, anamuitana, ndipo mu 1550 anafika ku London kudzakhala.

Pa 24 Julaye 1550 Mfumu Edward anapereka kalata yachifumu yokhazikitsa mpingo wa alendo. Kalatayo inawapatsa nyumba yopemphereramo, inaika a Lasco kukhala woyang'anira, nitchula abusa anayi: awiri olalikira m'Chidatchi, ndiwo Marten Micron ndi Wouter Delenus, ndi awiri olalikira m'Chifalansa. Koposa zonse inalamula kuti bishopu wa London ndi akulu a mzindawo asawaletse kutsata miyambo yawoyawo, ngakhale isiyane ndi ya Mpingo wa England. Aphungu a mfumu anali ndi zifukwa ziwiri. Ena anafuna kuti Angerezi aone chitsanzo cha mpingo wokonzedwa kotheratu. Ena anaopa kuti alendo opanda abusa angatengeke ndi Aanabaputisti, ndiwo anthu okana ubatizo wa makanda, amene maboma onse a nthawi imeneyo anawayesa oukira. Bishopu wa London, Nicholas Ridley, sanakondwere kuti m'dera lake mukhale mpingo wosamvera iye, ndipo anayesetsa kuutchinga, koma kalata ya mfumu inamposa mphamvu.

Nyumba imene anapatsidwa inali tchalitchi chakale cha amonke a chipani cha Augustine Woyera, ndipo dzina lakuti Austin nchidule chabe cha Augustine. Amonkewo anakhala pamalopo kuyambira m'zaka za m'ma 1200, namanganso tchalitchi chawo mu 1354, kufikira Henry VIII anawachotsa mu 1538. Luther mwini wake anali wa chipani chomwechi, pamodzi ndi amonke awiri aja otenthedwa ku Brussels. Alendo analandira chigawo chachikulu chokhalamo anthu. Mbali ya kuguwa inali m'manja mwa nduna ina, William Paulet, ndipo ankasungamo tirigu ndi malasha. Chisanathe chaka, olankhula Chifalansa anasamukira ku nyumba yawo ku Threadneedle Street. Chikhulupiriro chinali chimodzi, woyang'aniranso mmodzi, koma popeza zinenero zinali ziwiri, nyumbanso zinayenera kukhala ziwiri.

Makhalidwe a mpingo

A Lasco ndi anzake anakonza mpingo wawo mwa njira imene Angerezi anali asanaione. Udindo unali m'manja mwa bwalo la abusa ndi akulu a mpingo. Posankha atsogoleri, anthu ankapereka maina a amene awafuna, ndipo bwalo linkasankha mwa amene atchulidwa kwambiri. Atumiki ankasonkhanitsa zopereka, nasamala odwala, amasiye ndi obwera kumene opanda kanthu, kotero kuti mlendo wosauka asakhale katundu wa Angerezi. Wochimwa ankamchenjeza poyamba mseri, kenaka pamaso pa akulu, ndipo akakanika ndiye nkhani inkafika pa mpingo wonse. Pa Mgonero wa Ambuye anthu sankagwada, koma ankakhala pansi mozinga gome, monga banja pa chakudya.

Lachinayi lililonse kunali msonkhano wina wofunika. Munthu aliyense amene sanamvetse kapena sanakhutire ndi ulaliki wa Lamulungu ankapereka funso lake kudzera mwa anthu osankhidwa, ndipo mbusa ankayenera kuyankha poyera ndi kuonetsa umboni wa m'Malembo. Mwambo wotere ungatheke pokhapokha mbusa ndi woomba nsalu ali ndi chinenero chimodzi, ndiponso buku limodzi limene onse awiri angathe kuliwerenga.

Chifukwa chake ntchito yaikulu ya zaka zoyambazo inali kulemba mabuku. Jan Utenhove, mkulu wa mpingo wochokera ku banja lomveka la ku Ghent, anamasulira katekisma wa ku Emden m'Chidatchi mu 1551, nayambanso kusandutsa Masalmo kukhala nyimbo zoti mpingo wonse uziimba. Mu 1552 Micron analemba katekisma wamng'ono wa ana. Makolo ankayenera kulembetsa ana awo akali aang'ono kuti aphunzire mafunso ndi mayankho, ndipo mwana ankayesedwa pamaso pa mpingo asanaloledwe ku Mgonero. Atsogoleriwo anadziwa kuti m'mera mpoyamba: mwana amene tsiku lonse akumva Chingerezi mumsewu sadzasunga mawu a makolo ake ngati palibe womphunzitsa mwadala.

Ulendo wa m'nyengo yachisanu

Mtendere umenewu unakhala zaka zitatu zokha. Mu Julaye 1553 Edward anamwalira ali ndi zaka 15, ndipo ufumu unapita kwa mlongo wake Mary, amene anabwezera dziko ku Mpingo wa Roma. Mpingo wa alendo unatsekedwa. Ridley uja anatenthedwa ku Oxford mu 1555, ndipo Cranmer anamtsata mu 1556.

Pa 17 Sepitembala 1553 anthu pafupifupi 175, pamodzi ndi a Lasco, Micron ndi Utenhove, anakwera zombo ziwiri pa dooko la Gravesend, nalunjika ku Denmark, poyesa kuti mfumu ya Chiprotestanti idzawalandira. Namondwe anawazunza panyanja masabata angapo. Atafika, Mfumu Christian III anawauza kuti angathe kukhala pokhapokha atavomera chiphunzitso cha Luther pa za Mgonero wa Ambuye, chimene chinasiyana ndi chawo. Iwo atakana, anawapirikitsa pakati pa nyengo yachisanu, akazi ndi ana omwe. Anayesa midzi ya Ajeremani ya m'mbali mwa nyanja, Rostock, Wismar, Lübeck ndi Hamburg, koma monsemo abusa otsata Luther anawatsekera makomo. Kunali kuwawa kwakukulu kuona kuti owakana tsopano anali Aprotestanti anzawo. Potsiriza, mu 1554, anasonkhana ku Emden, kumene mfumu yaikazi ya dzikolo, Anna, inawalandira.

Kubalalika kumeneku kunafalitsa mwambo wa ku London. Osindikiza mabuku a mpingowo anakhazika makina awo ku Emden, ndipo kuchokera kumeneko mabuku a Chidatchi ankalowa mobisika m'dziko la kwawo. Mu 1554 Micron anasindikiza buku lofotokoza malongosoledwe a mpingo wa ku London m'Chidatchi, ndipo mu 1555 a Lasco anatulutsa lake lalikulu la m'Chilatini, lotchedwa Forma ac ratio.

Pa mabuku a nthawi imeneyo pali limodzi limene linalephera, ndipo kulephera kwake nkoyenera kukumbukiridwa ndi onse omasulira. Mu 1556 Utenhove anatulutsa Chipangano Chatsopano chimene anachimasulira kuchokera ku Chigriki. Anali munthu wophunzira kwambiri, ndipo anafuna zinthu ziwiri: kutsata Chigriki liwu ndi liwu, ndiponso kupanga chinenero chimodzi chosakaniza malankhulidwe a ku Flanders ndi a kum'mawa, chakuti onse achimve. Chotsatira chake chinali chinenero chimene panalibe mayi wochilankhula kwa mwana wake. Anthu anakana kugula bukulo, ndipo olisindikiza anataya ndalama zambiri. Baibulo lina la mawu ozolowereka, losindikizidwa ku Emden komweko mu 1562, ndilo linalowa m'nyumba za anthu. Masalmo a Utenhove anaona zomwezo. Atatuluka onse 150 mu 1566, chaka chomwecho Petrus Datheen anatulutsa ake a mawu apafupi, ndipo patapita zaka zochepa ngakhale mpingo wa ku Austin Friars unasiya a mkulu wake nuyamba kuimba a Datheen.

Masiku a Elizabeth

Mary anamwalira mu 1558, ndipo Elizabeth analowa ufumu. Utenhove anabwerera ku London atanyamula kalata ija ya Edward. A Lasco sanabwerenso, pakuti anali atapita kwawo ku Poland, kumene anamwalira mu 1560. Micron anali atamwalira kale ndi mliri mu 1559. Elizabeth anabwezera alendo nyumba yawo mu 1560, koma ufulu wakale anauchepetsa: tsopano woyang'anira anayenera kukhala bishopu wa London. Mwayi wawo unali wakuti bishopuyo, Edmund Grindal, anali atalawapo yekha moyo wauchilendo ku Strasbourg m'masiku a Mary, ndipo anawachitira chifundo.

M'kati mwa mpingo simunasowe mikangano. Mbusa wina, Adriaan van Haemstede, amene analemba mbiri ya ofera chikhulupiriro a ku Netherlands, ananena kuti Aanabaputisti ofatsa ayenera kuyesedwa abale ofooka, osati adani. Bwalo la akulu linaopa kuti mawu otere angaike mpingo wonse pa mlandu ndi boma, ndipo mu 1560 Grindal anamchotsa mu mpingo, natuluka m'dziko. Anthu amene anapirikitsidwa ku Denmark chifukwa cha kusiyana kwa chiphunzitso anapirikitsanso mnzawo pa chifukwa chonga chomwecho.

Mu 1567 Philip II, mwana wa Charles V, anatuma kazembe wake wankhondo, nduna ya ku Alba, kukalanga anthu a ku Netherlands, ndipo anthu zikwizikwi anathawa. Enanso ambiri anathawa mzinda wa Antwerp utagwa m'manja mwa asilikali a Spain mu 1585. Adatchi anakhala mtundu wa alendo wochuluka koposa mu London. Mipingo ina inabadwa m'midzi ya Sandwich, Norwich, Colchester ndi Maidstone. Ku Norwich akulu a mudzi ndiwo anaitana okha mabanja 30 a oomba nsalu mu 1565, popeza malonda awo a nsalu anali atafooka, ndipo patapita zaka zosakwana 20 alendo anali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu a m'mudzimo. Mawu aja akuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa anaoneka oona, pakuti alendowa anabweretsa maombedwe atsopano a nsalu zopepuka, kuomba silika, kuumba mbale zonyezimira ndi kulima ndiwo zamasamba. Sanaiwale kwawo: mu 1572, midzi ya ku Holland ndi Zeeland itaukira Spain, mipingo ya alendo mu London inasonkha ndalama nitumiza anthu kukathandiza ku Vlissingen.

Koma amisiri a Chingerezi ankadandaula kuti alendo akuwalanda ntchito ndi kukweza mitengo ya nyumba. Boma linawerenga alendo onse kangapo, monga mu 1568, 1571 ndi 1593. Mu Meyi 1593 munthu wosadziwika anakhoma pa khoma la tchalitchi cha Adatchi chikalata choopseza kuti alendo akapanda kuchoka adzaphedwa. Boma linaima ndi alendo, nilamula kuti olembawo afunidwe. Pa kufufuzako anagwidwa Thomas Kyd, wolemba masewero, ndipo mnzake Christopher Marlowe anaitanidwa kukaonekera pamaso pa aphungu a mfumu.

Ana obadwira ku England

Pofika zaka za m'ma 1600 othawa nkhondo analeka kubwera, popeza kumpoto kwa Netherlands kunali kutakhala dziko lodzilamulira la Aprotestanti, ndipo ena anabwerera. Otsalawo anayamba kuona chinthu chimene makolo onse okhala kuchilendo amachidziwa. Mwana woyamba ankalankhula Chidatchi kunyumba ndi Chingerezi kubwalo. Mdzukulu ankamva Chidatchi koma poyankha ankayankha m'Chingerezi. Ambiri anakwatira ana a eni dziko, nabatiza ana awo m'matchalitchi a m'dera lawo, ndipo maina awo anapindika kuti agwirizane ndi lilime la Angerezi. John Vanbrugh, wobadwa mu 1664, amene analemba masewero otchuka m'Chingerezi namanga nyumba yaikulu ya Blenheim, anali mdzukulu wa wamalonda wochokera ku Flanders, dzina lake Gillis van Brugg.

William Laud, amene anakhala bishopu wamkulu wa ku Canterbury mu 1633, anafuna kufulumiza kusinthaku ndi lamulo. Iye anaona mipingo ya alendo ngati dziko lina m'kati mwa dziko, ndiponso ngati chitsanzo choipa kwa Angerezi osakonda mabishopu. Mu 1634 analamula kuti onse obadwira ku England azipemphera m'matchalitchi a Angerezi, ndipo obadwira kunja okha ndiwo atsale, koma azitsata buku la mapemphero la Mpingo wa England lomasuliridwa m'chinenero chawo. Mipingo ya Adatchi ndi ya Afalansa inadandaula pamodzi kuti lamulo lotere lidzalekanitsa atate ndi ana awo pa tsiku lopemphera, ndiponso kuti obadwira ku England ndiwo anali ndi chuma chosamalira abusa ndi osauka. Laud anafewetsako pang'ono, nalola kuti ana a alendo atsale koma adzukulu achoke. Lamuloli linapweteka kwambiri mipingo ya ku Kent ndi ya ku Norwich, ndipo mabanja ena anatuluka m'dziko. Koma silinakhalitse. Mu 1640 Nyumba ya Malamulo inamuimba Laud milandu, umodzi mwa iyo unali wa kupondereza mipingo ya alendo, ndipo mu 1645 anamdula mutu. Ngakhale lamulo la 1662, limene linachotsa pa ntchito abusa ambiri a Chingerezi okana buku la mapemphero, linapatula mipingo ya alendo kuti isakhudzidwe.

Motero ufulu unabwerera, koma anthu sanabwerere. Chimene Laud analephera kuchita ndi mphamvu chinachitika chokha, pang'onopang'ono, m'nyumba za anthu. Mipingo ya ku Maidstone, Sandwich ndi Colchester inazima umodziumodzi, popanda wina woitseka. Ku Norwich kunatsala mwambo wa ulaliki umodzi wa Chidatchi pa chaka, kwa anthu amene ambiri a iwo sankamvanso chinenerocho, ndipo mwambowo unatha mu 1929.

Mpingo wa ku London wokha ndiwo unatsala, ndipo chifukwa chake si chakuti adzukulu ake anali okhulupirika kuposa a ku Colchester. London ndi mzinda wa dooko ndi wa malonda, kumene Adatchi atsopano sanaleke kufika. William wa ku Orange atakhala mfumu ya England mu 1689, anadza ndi anthu ake ambiri, asilikali, amisiri ndi osunga ndalama, kotero kuti kunatsegulidwa nyumba inanso yopemphereramo m'Chidatchi ku bwalo la mfumu la St James, imene inakhala kufikira 1809. Pambuyo pawo anadza amalonda, amalinyero ndi ofuna ntchito. Mbadwo uliwonse mpingo unkataya adzukulu ake, nulandira alendo ena ongotsika kumene m'chombo.

Moto ndi nkhondo

Nyumba yakale ya amonke inapulumuka moto waukulu wa 1666, umene unapsereza mbali yaikulu ya London pamodzi ndi tchalitchi cha Afalansa cha ku Threadneedle Street. Inakhalabe mwamtendere ngakhale pamene England ndi Netherlands anamenyana nkhondo zitatu pakati pa 1652 ndi 1674. Mu 1862 moto unaononga denga lake, koma inakonzedwanso. Ngoziyi inakumbutsa akulu a mpingo za chuma china chimene anali nacho, ndicho makalata ndi mabuku a bwalo a zaka 300, pamodzi ndi makalata a Abraham Ortelius, wojambula mapu wotchuka wa ku Antwerp. J. H. Hessels anasonkhanitsa zolembedwazo, nazisindikiza m'mabuku akuluakulu pakati pa 1887 ndi 1897. Olemba mbiri amadziwa zambiri za moyo wa alendo aja chifukwa alembi a bwalo sanatope kulemba milandu, maukwati ndi zopereka m'chinenero chawo.

Mu Meyi 1940 Ajeremani analanda Netherlands, ndipo Mfumukazi Wilhelmina anathawira ku London pamodzi ndi boma lake. Mzindawo unadzalanso ndi Adatchi othawa nkhondo monga m'masiku a Alba. Usiku wa pa 15 Okutobala chaka chomwecho bomba linagwera tchalitchi cha ku Austin Friars nilichigumula chonse. Nyumba imene inaima zaka pafupifupi 600 inasanduka mulu wa miyala usiku umodzi. Koma mapemphero sanaleke, pakuti Angerezi anabwereka mpingowo tchalitchi china chaching'ono kumadzulo kwa mzinda. Pa 23 Julaye 1950, pokumbukira zaka 400 za kalata ya Edward, Irene, mwana wa Mfumukazi Juliana, mtsikana wa zaka 10, anaika mwala wa maziko a nyumba yatsopano. Mmisiri wolemba mamangidwe ake anali Arthur Bailey, ndipo inatha mu 1954. Njaing'ono kuposa yakale, pakuti inamangidwa molingana ndi mpingo umene unalipo.

Kumene mbewu inafika

Malongosoledwe a mpingo amene a Lasco ndi Micron anayamba mu London anatengedwa ndi othawa anzawo ku Emden ndi ku Palatinate, nalowa m'mapemphero amene Datheen anasindikiza pamodzi ndi Masalmo ake. Sinodi ya ku Emden ya 1571, imene inayala maziko a Mpingo wa Dutch Reformed, inachitikira kunja kwa Netherlands, pakati pa anthu othawa. Nchifukwa chake mipingo ya ku London ndi ku Emden imatchedwa amayi a mpingo umenewo. Adatchi atakhazikika ku Cape kuyambira 1652 anapita nawo mwambo womwewo, ndipo kuchokera ku Cape ndiko kunadza A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889. Mkulu wa mpingo ndi mtumiki wa ku Nkhoma ali pa udindo umene mizu yake ina ili m'kamsewu kaja ka mu London.

Vlok yemweyo anapita ku Salisbury mu 1912 kukatumikira anthu a ku Nyasaland ogwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za Azungu ku Southern Rhodesia, amene anafuna kupemphera m'Chinyanja. Mpingo umenewo unakula kufikira unakhala sinodi payokha ya CCAP mu 1965, ndiyo Sinodi ya Harare ya lero. Kumenekonso adzukulu a machona amakula akulankhula Chishona kapena Chindebele, ndipo funso limene linasautsa akulu a ku Norwich ndi Colchester silachilendo kwa akulu a kumeneko.

Mbiri ya ku Austin Friars ionetsa kuti kalata ya mfumu ingathe kupatsa anthu nyumba ndi ufulu wopemphera m'chinenero chawo, koma siingathe kuika chinenerocho pakamwa pa mdzukulu. Ntchito imeneyo ili m'manja mwa makolo, ndi mwa iye amene aphunzitsa ana kuwerenga. Ionetsanso kuti buku lothandiza pa ntchitoyo ndi lolembedwa m'mawu amene anthu alankhuladi, pakuti Utenhove anaposa Datheen pa maphunziro, koma Masalmo a Datheen ndiwo anaimbidwa m'mipingo ya ku Netherlands zaka zoposa 200, kufikira 1773. Mphunzitsi amene adzaima pamaso pa ana a m'makalasi oyamba, kaya kumudzi kaya m'tauni m'mene zinenero zasakanizika, adzakhala pa malo amene anaimapo Micron polemba katekisma wake wamng'ono mu 1552: adzayenera kusankha mawu amene mwana angawamve lero, kuti akadzakula adzakhale nawo oti auze mwana wake.